Musanasaine Fomu ya Kafukufuku wa Zachipatala: Ufulu Wanu ndi Thandizo la ku Laibulale

Kabuku aka talembera Amalawi ndi ena onse olankhula Chichewa amene akukhala ku Indiana, makamaka ku South Bend ndi kudera la Lafayette Square mumzinda wa Indianapolis. Sukulu ya madokotala ya Indiana University ili m'mizinda yonse iwiriyi, ndipo kafukufuku wa mankhwala ndi matenda amachitika chaka chonse. Tsiku lina dokotala kapena namwino adzakufunsani ngati mungalowe nawo m'kafukufuku wa shuga, khansa kapena kuthamanga kwa magazi. Kulowa n'kothandiza, chifukwa mankhwala oyesedwa pa mtundu umodzi wokha wa anthu sangadaliridwe ndi onse. Kukananso n'kololedwa. Chachikulu n'chakuti muyankhe mutamvetsa.

Malamulo okutetezani anabwera bwanji?

Kuyambira 1932 mpaka 1972, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inkatsatira amuna achikuda pafupifupi 600 ku Tuskegee, m'boma la Alabama. Mwa iwo, 399 anali ndi chindoko, koma sanauzidwe zoona ndipo sanapatsidwe penisilini ngakhale mankhwalawo anali atadziwika kuti amachiza. Nkhaniyi itaululika, nyumba ya malamulo inakhazikitsa National Research Act mu 1974. Malamulo amene akugwira ntchito lero, otchedwa Common Rule, anayamba mu 1991 ndipo anakonzedwanso mu 2018. Kwathunso, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu iye asanalole.

Ufulu wanu ndi uwu

1. Kuuzidwa poyera kuti uyu ndi kafukufuku, cholinga chake, nthawi imene atenge, zoopsa zake, phindu lake, ndiponso chithandizo china chimene mungalandire mukakana.
2. Kufotokozeredwa m'chilankhulo chimene mumamva bwino. Ngati Chingerezi cha madokotala chikukupitirirani, pemphani womasulira. Musalole kuti mwana wanu wamng'ono ndiye amasulire nkhani ya moyo wanu.
3. Kupatsidwa nthawi yoganiza ndi yofunsa achibale.
4. Kukana, kapena kusiyira panjira, popanda chilango ndiponso popanda kutaya chithandizo chimene mumayenera kulandira kale.
5. Kulandira kope la fomu imene mwasaina.
6. Kuuzidwa ngati magazi kapena zina zotengedwa m'thupi mwanu zidzasungidwa ndi kugwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wina m'tsogolo.
7. Kusunga ufulu wanu wopita kukhoti. Fomu siloledwa kukhala ndi mawu okuchititsani kulonjeza kuti simudzaimba mlandu ofufuza akakuvulazani chifukwa chosasamala.

Kafukufuku asanayambe, amaunikidwa ndi komiti yotchedwa Institutional Review Board, mwachidule IRB. Komitiyi imakhala ndi anthu osachepera asanu, ndipo mwa iwo mumayenera kukhala wina amene si wasayansi ndi wina amene si wa pabungwepo. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya COMREC kapena National Health Sciences Research Committee kwathu ku Malawi.

Nanga a ku laibulale akulowa pati?

Komiti singayeze kuopsa kwa mankhwala ngati sikudziwa zimene ena anapeza kale pa mankhwalawo. Zolembedwa za sayansi ya zachipatala ndi mamiliyoni, zina zili pa intaneti, zina zili m'mabuku akale a pashelefu. Munthu wophunzitsidwa kuzifufuza mosasiyako kanthu ndi katswiri wa laibulale ya zachipatala.

Kufunika kwa ntchitoyi kunaoneka mu 2001 pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore. Mtsikana wa zaka 24, wathanzi lake, anadzipereka pa kafukufuku wa matenda a mphumu ndipo anam'patsa mankhwala otchedwa hexamethonium kuti awapume. Mapapo ake anawonongeka, ndipo mu June chaka chomwecho anamwalira. Pambuyo pake zinadziwika kuti madokotala anali atalemba kale, m'zaka za m'ma 1950, kuti mankhwalawa amatha kuwononga mapapo. Amene ankatsogolera kafukufukuyo sanazipeze nkhanizo, popeza PubMed, nkhokwe ya pa intaneti imene anadalira, nthawi imeneyo inkayambira m'zaka za m'ma 1960. Mu July boma linaimitsa kwa masiku angapo kafukufuku wokhudza anthu amene linkalipira pa yunivesiteyo.

Chenjezo linalipo, koma silinafike kwa amene ankalifuna. N'chifukwa chake masiku ano akatswiri a laibulale amagwira ntchito limodzi ndi ofufuza, ndipo m'malo ena amalangiza IRB kapena kukhala m'komitimo. Amafufuza m'nkhokwe zingapo, zatsopano ndi zakale. Amaona ngati nkhani imene wofufuza akudalira inachotsedwa chifukwa cha chinyengo kapena zolakwika. Amaonanso ngati funsolo linayankhidwa kale, kuti anthu asaikidwe pachiswe pa nkhani yodziwika. Ku Indianapolis, laibulale yothandiza madokotala ndi ofufuza a sukulu ya Indiana University ndi Ruth Lilly Medical Library.

Zoyenera kuchita musanasaine

Choyamba, pemphani fomu mupite nayo kunyumba. Malamulo a 2018 amafuna kuti mfundo zikuluzikulu zilembedwe mwachidule koyambirira kwa fomu. Yambirani pamenepo.

Chachiwiri, funsani nambala ya kafukufukuyo. Imayamba ndi zilembo NCT. Ndi nambalayi mukhoza kumupeza pa ClinicalTrials.gov, kaundula amene National Library of Medicine inatsegula mu 2000. Mudzaona amene akulipira kafukufukuyo, anthu amene akufunika, ndi gawo limene wafika. Gawo loyamba limayesa pa anthu ochepa ngati mankhwala ali otetezeka. Gawo lachitatu limayerekeza mankhwala atsopano ndi ena pa anthu mazana kapena masauzande.

Chachitatu, pitani ku laibulale ya anthu onse. Kulowa ndi kufunsa n'kwaulere. Okhala ku Lafayette Square ali pafupi ndi nthambi ya Eagle ya Indianapolis Public Library, ndipo a ku South Bend ali ndi St. Joseph County Public Library. Pemphani ogwira ntchito kumeneko kuti akuthandizeni kupeza dzina la mankhwalawo kapena la matenda anu pa MedlinePlus, tsamba la boma lofotokoza zaumoyo m'Chingerezi chosavuta. Mwambo wa ntchito yawo umafuna kuti asunge chinsinsi cha zimene mwafunsa. Dziwani kuti iwo si madokotala: sangakuuzeni kuti lowani kapena musalowe. Amakupatsani zowerenga zodalirika kuti mubwerere kwa dokotala muli ndi mafunso enieni.

Chachinayi, funsani ofufuza mafunso awa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

- Kodi mankhwalawa anayesedwapo pa anthu? Anapeza zotani?
- Munafufuza bwanji zimene zinalembedwa kale, kuphatikizapo zakale kwambiri?
- Kodi ena alandira mankhwala ongofanizira, opanda mphamvu? Asankhe ndani, kapena ndi mwa maere?
- Ndikavulala, adzalipira chipatala ndani?
- Kodi mufuna nambala yanga ya Social Security kuti mundipatse ndalama ya mayendedwe ndi nthawi yanga?
- Adzaona dzina langa ndi zotsatira zanga ndani? Kodi kafukufukuyu ali ndi Certificate of Confidentiality?

Chikalata chomalizachi chimaletsa ofufuza kupereka zokhudza inu ngakhale khoti litaitanitsa, kupatula pa zinthu zochepa zimene malamulo amalamula kuti zinenedwe, monga nkhanza kwa ana. Kuyambira 2017, kafukufuku wolipiridwa ndi National Institutes of Health amene amasonkhanitsa zinsinsi za anthu amakhala nacho.

Zikavuta, mudandaule kuti?

Mukamva zachilendo m'thupi, imbirani ofufuza msanga pa nambala ili pa fomu, ndipo zikafika poopsa imbani 911. Ngati mukuona kuti akukukakamizani kapena akukubisirani zina, imbirani IRB. Fomu imayenera kusonyeza munthu amene mungamufunse za ufulu wanu. Mukapanda kukhutira, lembani dandaulo ku Office for Human Research Protections, ofesi ya boma yoyang'anira nkhanizi, kapena ku Food and Drug Administration ngati nkhani ndi ya mankhwala kapena zipangizo zoyesedwa. Sungani fomu yanu ndipo lembani masiku ndi zimene zinachitika.

Ambirife tinakula tikuona kuti kufunsa dokotala mafunso ndi mwano. Pa kafukufuku, malamulo amafuna kuti mufunse ndipo amalamula ofufuza kuyankha. Ngati kutchalitchi kapena m'dera lathu lino kuli mayi kapena bambo amene wapatsidwa fomu yotere, muperekezeni ku laibulale, muwerenge naye tsamba ndi tsamba, kenaka mumusiye asankhe yekha.