CIFANIZO CA KASINJA

Kasinja ndiye galimoto wankhondo wobvala citsulo thupi lonse. Amayenda pa malamba awiri acitsulo, amene amkwaniritsa kuoloka maenje ndi kupondereza mipanda ya waya. Anaoneka pa nkhondo nthawi yoyamba tsiku la 15 September 1916, pafupi ndi mudzi wa Flers m'dziko la France. Amisiri amene anamlingalira ndiwo William Tritton ndi Walter Wilson, ndipo woyamba anasulidwa ku Lincoln m'dziko la England. Pofuna kubisa cinsinsi cao, Angelezi anamcha dzina lakuti "tank", kuti adani aganize kuti alikusula mitsuko yaikuru ya madzi.

Mtundu wina wa akasinja amenewa unachedwa Mark IV. Utali wace unali mamita 8, kulemera kwace pafupi matani 28, ndipo unayenda monga munthu wopita ndawala. Pa nkhondo ya ku Cambrai, imene inayamba pa 20 November 1917, anasonkhanitsa akasinja oposa 400. Lero atsala owerengeka okha, ndipo mmodzi wa iwo asungidwa ku Bovington m'dziko la England. Koma mwana wa sukulu amene ali ndi pepala lolimba, mpeni, rula, ulimbo ndi utoto, akhoza kupanga cifanizo cace, cokhala pa dzanja.

Nchito yoyamba ndiyo kuyesa. Wopanga cifanizo asankha muyeso umodzi, nausunga kufikira kumapeto. Ambiri akonda muyeso wa 1 pa 35, ndiko kunena kuti cinthu ciri conse cicepetsedwa ka 35. Potero kasinja wa mamita 8 akhala wa masentimita 23, ndipo msilikari woima pambali pace akhala wa masentimita 5. Citsulo cocindikala koposa ca Mark IV cinali ca mamilimita 12, ndipo cikacepetsedwa cotero cilingana ndi pepala lolimba limodzi lokha. Mwana akacepetsa thupi ka 35 koma mfuti ka 20, cifanizo cace cinena bodza, ngakhale cikongole.

Atatha kulemba mbali zonse pa pepala, wopangayo sayamba ndi kudula. Ayamba apitiriza msana wa mpeni pa mizere yonse yoti ipindike, kuti pepala likapindike bwino losang'ambika. Pamenepo adula, atagoneka rula pa mzere, ndi zala zace ziri kutali ndi mpeni. M'kati mwa thupi aikamo timapepala toimirira monga nthiti, pakuti bokosi lopanda kanthu m'kati silicedwa kuphwatalala. Ulimbo aupaka pang'ono ndi kamtengo, cifukwa wocuruka unyowetsa pepala nulikhotetsa. Mbali imodzi iyambe yauma asanalumikize inzace. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zitsulo za kasinja zinalumikizidwa ndi misomali yambirimbiri ya mitu yobulungira. Mitu imeneyi ipangidwa pokanikiza msomali wobuntha kuseri kwa pepala, kuti kumaso kutuluke katudza. Malamba apangidwa ndi pepala lalitali lolembedwa mizere yopingasa, nazungulira mbali yonse, pansi ndi pamwamba pomwe. Pa denga paikidwa kamtengo, cifanizo ca mtanda waukuru umene asilikari ankaumangirira ku malamba kasinja akatitimira, kuti adzizule yekha m'matope.

Cifanizo cikatha cipakidwa utoto wodera ngati dothi, ndipo m'mphepete monse mmene mpeni unasiya poyera mudetsedwa. Cikauma cikutidwa ndi vanishi pang'ono, kuti madzi a utoto wina angalowe m'pepala. Pamenepo cioneka catsopano, monga cocokera kwa amisiri tsiku lomwelo. Koma kasinja sanakhale cotero nthawi yaitali. Akasinja oyamba a 1916 anapakidwa mawanga a mitundu mitundu, monga analangiza mmisiri wa zithunzi Solomon J. Solomon, kuti abisike. Matope a ku France anakwirira mawanga onsewo, ndipo pambuyo pace anangowapaka mtundu umodzi. Cifukwa cace wopanga cifanizo ali nayo nchito ina, ndiyo kucikalambitsa.

Nchito imeneyi ifuna maso koposa manja. Mwana ayambe wapenyetsetsa khasu, ngolo kapena galimoto wonyamula katundu nyengo ya dzinja, naone pamene pakhala dothi ndi pamene payera. Utoto wakuda wosungunula ndi madzi ambiri aupititsa m'mizere ndi kuzungulira misomali, pakuti litsiro likonda kubisala m'menemo. Pa ngondya ndi pa zitseko, pamene manja ndi nsapato zinakhudza masiku onse, apakapo pensulo, ndipo panyezimira ngati citsulo copekesedwa. Mwaye aupanga ndi makala opera, nauika pafupi ndi mpope wa utsi pokha. Matope awapanga ndi dothi losefa losanganiza ndi ulimbo. Popeza malamba anakweza matope kufikira pamwamba, wopangayo awatsitsa m'mbali ndi mizere yolunjika pansi, monga atsikira madzi a mvula pa khoma. Nthaka ya ku Cambrai iri ndi coko, motero matope ace akauma ayezuka, ndipo pfumbi la coko pang'ono lionetsa cimeneci. Dzimbiri likhale locepa, cifukwa akasinja a ku Cambrai anali atasulidwa caka comweco. Wothira dzimbiri thupi lonse wafanizira galimoto wotayika kuchire zaka zambiri.

M'kati mwa kasinja mmodzi munali amuna 8. Makina oyendetsa anali pakati pao opanda cochinga, ndipo kutentha, utsi ndi phokoso zinawasautsa kotero kuti analankhulana ndi manja, ndipo ena anakomoka asanaone mdani. Ambiri a iwo sanabwerere kwao. Cifanizo conyezimira ciiwalitsa zonsezi, nicionetsa nkhondo ngati masewera. Cifanizo ca matope ndi mwaye cikumbutsa wocipenya kuti munali ana a anthu m'menemo. Mwana amene wasunga muyeso, nadikira ulimbo, naika banga liri lonse pamalo pace, waphunzira kunena zoona ndi manja ace.

MAFUNSO

1. Angelezi anamcheranji galimoto ameneyu dzina lakuti "tank"?
2. Pa muyeso wa 1 pa 35, mtengo wa mamita 7 ukhala wa masentimita angati?
3. Cifukwa ninji mizere ipitirizidwa ndi msana wa mpeni pepala lisanadulidwe?
4. Cifukwa ninji dzimbiri liyenera kucepa pa cifanizo ca kasinja wa ku Cambrai?