Mababu Akamapsa Pafupipafupi

Mababu a galimoto akamapsa pafupipafupi, batire n'kumatentha ndi kununkha ngati dzira lovunda, kawirikawiri vuto limakhala pa regulator, kachipangizo koletsa alternator kutulutsa magetsi opyola muyeso. Injini ikamalira, mita yoyezera magetsi iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.5 volts pa batire. Ikapyola 15, ndiye kuti batireyo ikuwonongeka.

Komabe makaniko wodziwa ntchito sathamangira kugula regulator yatsopano. Amayamba wapala dzimbiri pamitu ya batire ndi kumangitsa mawaya, pakuti waya wokhwefuka amanamiza regulator kuti magetsi achepa, iyo n'kuwonjezera.

Chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira n'choopsa kwambiri. Magetsi amakwera mwadzidzidzi, ndipo ngati alternator ilibe ma diode oteteza, kompyuta ya galimoto imatha kupseratu.