Momwe Kachilombo ka Dengue Kamalowera m'Maselo a Udzudzu

Dengue ndi nthenda yotentha thupi imene imabwera ndi mutu waukulu, kuwawa kuseri kwa maso ndi kuphwanya kwa thupi lonse, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amakhala m'madera momwe angathe kuitenga. Nthendayi yazika mizu m'maiko monga Brazil, India, Thailand ndi Philippines, komanso inavuta ku Dar es Salaam m'zaka za 2014 ndi 2019. Amene amaifalitsa kwambiri ndi udzudzu wotchedwa Aedes aegypti, waung'ono, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, umene umaluma masana, kusiyana ndi Anopheles wa malungo amene amaluma usiku. Dokotala wa ku Australia, Thomas Bancroft, ndiye anaonetsa m'chaka cha 1906 kuti udzudzuwu ndiwo umanyamula dengue.

Anthu ambiri amaganiza kuti udzudzu umangotunga magazi a wodwala n'kukawathira mwa munthu wina, koma si mmene zimakhalira. Udzudzu waukazi ukayamwa magazi okhala ndi kachilomboka, magaziwo amapita m'mimba mwake kukagayidwa, ndipo kachilomboko kakalephera kulowa m'maselo a m'mimbamo, ulendo wake umathera pomwepo. Maselo ndi tizigawo tating'ono kwambiri tamoyo timene timapanga thupi la chamoyo chilichonse, ndipo selo iliyonse ndi yokutidwa ndi kakhungu ka mafuta kamene sikalola chinthu kulowa mwachisawawa. Kachilombo ka dengue, kamene kali m'gulu la mavairasi, sikangathe kuswana pakokha kunja kwa selo, choncho moyo wake wonse umadalira kupeza polowera.

Kukula kwake ndi pafupifupi mananomita 50, kutanthauza kuti tizilombo 20,000 titandanda pamzere umodzi tingangokwana milimita imodzi. M'kati mwake muli kaulusi kotchedwa RNA, komwe kamasunga malangizo opangira tizilombo tatsopano, pomwe kunja kwake kuli mapuloteni 180 a mtundu wotchedwa E, ogona awiriawiri mothithikana. Puloteni ndi chinthu chimene zamoyo zimamangira matupi awo ndi kugwirira ntchito zosiyanasiyana, ndipo iliyonse ili ndi kaumbidwe kakekake. Pa kakhungu ka selo ya udzudzu palinso mapuloteni otuluka kunja, omwe amatchedwa zolandirira, chifukwa ntchito yawo yeniyeni ndi kulandira zakudya ndi mauthenga ofunika ku seloyo. Selo siinapange zolandirirazi kuti zithandize mdani, koma nsonga ina ya puloteni E ili ndi kaumbidwe kokwanira pa zina mwa izo, monga momwe chivundikiro chimakhalira bwino pa mphika wake wokha. Kukwanirana kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mitundu yowerengeka yokha ya udzudzu ndiyo imafalitsa dengue.

Kafukufuku akusonyeza kuti kachilomboka sikadalira cholandirira chimodzi. M'chaka cha 2010 ofufuza a ku yunivesite ya Mahidol ku Thailand anapeza kuti puloteni yotchedwa prohibitin imathandiza mtundu wachiwiri wa dengue, mwa mitundu inayi imene ilipo, kulowa m'maselo a udzudzu, ndipo ataichepetsa m'maselo a mu labotale, kachilomboka kanavutika kulowa. Enanso anapeza kuti mapuloteni amene selo imapanga ochuluka kukatentha amagwiranso kachilomboka. Mfundo yofunika apa ndi yakuti kutseka khomo limodzi sikungakwanire kuletsa mdani amene ali ndi makomo angapo.

Kachilomboko kakamatirira pa cholandirira, kakhungu ka selo kamayamba kulowa m'kati pamalo pomwepo, mothandizidwa ndi puloteni yotchedwa clathrin, mpaka kupanga kathumba kamene kamaduka n'kumira m'kati mwa selo kachilomboko kali momwemo. Imeneyi ndi njira imene selo imamezera zinthu masiku onse, ndipo ikatero imayamba kuthira asidi m'kathumbamo pofuna kuphwanya chimene yameza. Chodabwitsa, ndiponso chomvetsa chisoni, n'chakuti asidi ameneyu ndiye chizindikiro chimene kachilomboka kamadikira. Mapuloteni E, amene anagona awiriawiri, amadzuka n'kuima atatuatatu, nsonga zawo zimalasa khoma la kathumbako, kenaka amadzipinda ndi kukoka khomalo kufikira litaphatikana ndi kakhungu ka kachilomboko. Pamenepo pamatseguka kabowo, RNA ija imatulukira m'kati mwa selo, ndipo selo imayamba kuwerenga malangizo achilendowo ngati ake, n'kumapanga tizilombo tambirimbiri.

Tizilombo tatsopanoti timatuluka m'mimba, timafalikira m'thupi la udzudzu, ndipo pomaliza timalowa m'tiziwalo topanga malovu, kumenenso tiyenera kupeza zolandirira zoyenera. Ulendo wonsewu umatenga masiku 8 mpaka 12 kunja kukamatentha madigiri 25 mpaka 28, ndipo umafupika kukatenthera. Ukatha, udzudzuwo umapatsira dengue kudzera m'malovu ake moyo wake wonse.

Kudziwa kuti nkhondo imeneyi imachitikira m'kati mwa maselo a udzudzu kwabala kale zipatso. Ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia anamwaza udzudzu wokhala ndi bakiteriya wotchedwa Wolbachia, amene amakhala m'maselo n'kulepheretsa kachilomboka kuswana bwino, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2021 zinaonetsa kuti odwala dengue anachepa ndi 77 pa 100 alionse. Kumene njira yotereyi sinafike, banja lili ndi mphamvu pa zinthu ziwiri. Wodwala dengue ayenera kugona m'neti ngakhale masana, makamaka sabata yoyamba pamene kachilomboka kali kambiri m'magazi mwake, kuti udzudzu usakatengeko, ndipo migolo, mitsuko, zitini ndi matayala akale momwe Aedes amaikira mazira ziyenera kukhuthulidwa, kutsukidwa kapena kuvundikiridwa sabata iliyonse.