CUKU CA M'CIMANGA: ASAYANSI AFUNAMO MANKHWALA, KOMA M'NKHOKWE NDI CIPHE

Mlimi ali yense adziwa cimanga cocita cuku. Pokolola apeza cina cayera ngati thonje, cina cafiira kunsonga, cina cagwira mtundu wobiriwira. Cuku ndi mtundu wa tibowa tating'ono kwambiri timene timera pa mbeu zonyowa kapena zoboola ndi kapuci ndi anankafumbwe. Pamene tibowa timeneti tirikukula, tituruka ndi mankhwala amphamvu akupha tizirombo tina tolimbana nato pa cakudya. Mphamvu imeneyi ndiyo yacititsa asayansi kufunsa kuti: kodi siingathe kuphanso nthenda ya khansa?

Khansa ndi nthenda imene iyamba pamene tizigawo tating'ono ta thupi, tochedwa maselo, tiyamba kuswana kosaleka kufikira tipanga cotupa. Mankhwala a khansa ayenera kupha maselo oipawo ndi kusiya abwino. Apa ndi pamene pagona bvuto lonse.

Zimene zapezeka kale

Nchito yofuna mankhwala m'cuku siinayambe lero. M'caka ca 1893 dotolo wa ku Italy, Bartolomeo Gosio, analikufufuza cimanga cobvunda cimene anthu osauka a kwao anali kudya. M'cuku ca mtundu wa Penicillium anapezamo mankhwala amene tsopano achedwa mycophenolic acid, ndipo anaona kuti aletsa kukula kwa tizirombo ta nthenda ya anthrax. Patapita zaka zambiri ena anawayesa pa zotupa za khansa, koma sanakhale mankhwala a khansa. Nchito yace inapezeka kwina. M'caka ca 1995 boma la America linabvomereza mankhwala ocokera kwa iwo kuti apatsidwe kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina, kuti thupi lisaikane. Kucokera kwa Gosio kufikira tsiku limenelo panapita zaka 102.

Cuku cina cimene cigwira cimanga ndi tirigu m'munda ndi ca mtundu wa Fusarium. Kucokera kwa ico asayansi anatenga mankhwala ochedwa anguidine, ndipo m'zaka za m'ma 1970 madotolo a ku America anawayesa pa anthu odwala khansa. Odwalawo anasanza, anatentha thupi, ena magazi ao anayenda mofoka, koma zotupa zambiri sizinacepe. Cotero mayesowo analekeka.

Masiku ano maso ali pa mankhwala ena awiri a Fusarium, ochedwa enniatin ndi beauvericin. Iwowa alowa m'khungu lopyapyala lokuta selo ndi kutsegula njira, kotero kuti mcere wa m'thupi ulowa ndi kuturuka mosayenera, ndipo seloyo ifa. M'timbale ta m'nyumba zoyeseramo apha maselo a khansa ya mitundu ingapo. Koma abvulazanso maselo abwino, ndipo kufikira lero palibe cipatala cimene cipatsa odwala khansa mankhwala amenewa. Kambale si munthu, ndipo njira yocokera m'kambale kufika ku cipatala ndi yaitali.

Cimene ciri m'nkhokwe

Munthu asamve nkhani iyi ndi kuganiza kuti nsima ya cimanga cobvunda iciritsa. Coona ndi ici: cuku ca m'nkhokwe cibweretsa khansa. Cuku cobiriwira cochedwa Aspergillus flavus, cimene cikonda cimanga ndi nshawa, cipanga ciphe cochedwa aflatoxin. Ciphe cimeneci cinadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zokwanira 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosanganiza ndi nshawa zocokera ku Brazil. Munthu akacidya pang'ono pang'ono kwa zaka zambiri, ciononga ciwindi ndi kuyambitsa khansa ya ciwindi, makamaka ngati ali kale ndi nthenda ya hepatitis B. Akacidya cambiri nthawi imodzi, angathe kufa m'masiku owerengeka. Ku Kenya m'caka ca 2004 anthu 125 anafa atadya cimanga cotere. M'Zambia muno m'caka ca 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agaru pafupifupi 400 anafa, ndipo aflatoxin anapezeka mu ufa wa m'zigayo zina.

Fusarium yemweyo amene asayansi afunamo mankhwala apanganso ciphe cina, fumonisin, cimene cinadziwika ku South Africa m'caka ca 1988. Cipezeka kwambiri m'cimanga ca ku Transkei, dera limene anthu ambiri adwala khansa ya kum'mero.

Ziphe izi sizitha ndi moto wa pa mafuwa. Kuphika nsima, kukazinga, kapena kufulula mowa sikuzicotsa. Ng'ombe yodya gaga wa cimanga cobvunda iturutsa gawo la ciphe mu mkaka umene ana amwa.

Zimene mlimi ayenera kucita

Akolole msanga cimanga cikauma, asacisiye m'munda kufikira cigwe pansi ndi kudyedwa ndi ciswe. Pokolola apatule cobvunda ndi coboola pa cokha, cisalowe m'nkhokwe. Ayanike pa mphasa, pa thandala kapena pa tenti, osati pa dothi. Cimanga cosungika bwino cisapose magawo 13 pa 100 a madzi. Poyesa, aike cimanga cotonola m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, atseke ndi kugwedeza. Mcere ukamatira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali cacinyezi ndipo ciyanikidwenso.

Nkhokwe ikhale yokwezeka pa mitengo kapena miyala, denga lace losadontha, ndipo isesedwe zokolola zatsopano zisanalowe. Matumba asagunde pansi kapena cipupa. Amai posankha cimanga copita ku cigayo ataye maso onse akuda, ofiira ndi ofota. Cobvundaco citenthedwe kapena cikwiriridwe. Cisapatsidwe kwa nkhuku, nkhumba kapena agaru, ndipo cisagulitsidwe kwa ofulula mowa.

Munthu amene ali ndi cotupa cosapola, kapena abvutika kumeza, kapena maso ace acita cikasu, apite msanga ku cipatala. Za kasungidwe ka zokolola, mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace ali wokonzeka kumthandiza.