Pauta Ikapachikidwa: Zoyenera Kuchita Kholo la Mwana wa ku Sekondale ku Kalomwe

Ku Mozambique sukulu zimatsegulira cha kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo chaka chimagawidwa m'zigawo zitatu zotchedwa trimestre. Chigawo chilichonse chikatha, aphunzitsi amatulutsa pauta, pepala la mayina a ana ndi manota awo. Ku Kalomwe kuno, kumene msewu wochokera ku Ulongwe umathera pa chipata cha Dedza, makolo ambiri saliona pepalali. Amadikira Disembala kuti afunse funso limodzi lakuti, "Kodi wakhoza?" Koma pofika Disembala palibenso chokonza. Ine ndikuti malo a ku yunivesite, ku sukulu ya uphunzitsi ngakhale bolsa, thandizo lolipirira maphunziro, amapezeka kapena kutayika pa mapauta atatu amenewa, ndipo kholo lililonse, ngakhale losadziwa Chipwitikizi, likhoza kuwatsatira.

Choyamba, sabata zoyambirira za chaka pitani nokha kusukulu mukadziwane ndi director de turma, mphunzitsi amene anapatsidwa udindo woyang'anira kalasi ya mwana wanu. Muuzeni kuti ndinu encarregado de educação wa mwanayo, kutanthauza womuyang'anira pa za sukulu, musiyireni nambala ya foni yogwira, ndipo mumufunse masiku a misonkhano ya makolo ndi tsiku lotulutsa manota. Dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9, ndipo m'sukulu za boma makalasi amenewa alibe ndalama ya matrikula, yolembetsera mwana. Lamulo lomwelo ndi limene linachotsa kalasi 7 ku pulayimale n'kuipititsa ku sekondale, kotero mwana wa zaka 12 kapena 13 akukumana kale ndi aphunzitsi ambirimbiri, aliyense ndi phunziro lake, onse m'Chipwitikizi. Mwana wa msinkhu umenewu sayenera kusiyidwa kuti adzitsatire yekha.

Chachiwiri ndicho chachikulu, kuwerenga pauta. Wina anena kuti, "Ine sukulu sindinapite nayo patali, mapepala a Chipwitikizi ndiwamva bwanji?" Pauta ndi manambala, ndipo munthu amene amawerengera matumba a mbatatesi ndi kusintha makwacha kukhala mametikali pa msika wa pamalire sangalephere masamu ake. Manota amayambira pa 0 kulekeza pa 20. Kuyambira 10 kupita m'mwamba ndiye kukhoza, pansi pa 10 ndi negativa. Nota ya chaka m'phunziro lililonse imapezeka pophatikiza manota a zigawo zitatu zija n'kugawa patatu, ndiye kuti mwana afike pa 10 akufunika pafupifupi 30 pamodzi. Tiyerekeze kuti m'Masamu wapeza 7 m'chigawo choyamba. Akapeza 11 ndi 12 m'zigawo zotsalazo wapulumuka, ndipo zimenezi n'zotheka kwa mwana wamba amene wathandizidwa msanga. Koma akapezanso 7 m'chigawo chachiwiri, ndiye kuti chachitatu chikumufuna 16, nota imene ngakhale ana otsogola m'kalasi amaipeza movutikira. Apa mukuona kuti pauta yoyamba, imene anthu amaipeputsa poti chaka chikadali chachitali, ndiyo yamtengo wapatali kuposa zonse. Koperani manota onse m'kope la pakhomo, muzungulize onse osafika 10, ndipo sabata yomweyo mukafunse mphunzitsi wa phunzirolo ngati vuto lili pa timayeso ta m'kati mwa chigawo, timene amati ACS, kapena pa mayeso aakulu otsekera chigawo. Mwana wogwa pa timayeso tating'onoto nthawi zambiri amakhala wojomba kapena wosalemba ntchito, pamene wogwa pa mayeso aakulu okha amafunika nthawi yobwereza ndi mnzake womufotokozera.

Chachitatu, funsani za mafalta, masiku amene mwana sanapezeke m'kalasi, chifukwa akachuluka opanda chifukwa cholembedwa mwana amataya chaka ngakhale manota ake ali abwino. Pano ndiye pali mkangano weniweni, ndipo sindiupeputsa. Boma lathu la Angónia ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete, chimanga, nyemba, mbatatesi ndi fodya zimafuna manja, ndipo kukolola kumagwa pakati pa Epulo ndi Juni, sukulu ili mkati. Banja likati mwana wamkulu atsale akathandize kumunda silinachite misala, popeza ndalama ya yunifomu ndi makope imachokera m'munda momwemo. Komabe ganyu wa masiku atatu ali ndi mtengo wodziwika, pamene kubwereza kalasi kumadya yunifomu, makope, nsapato ndi chakudya cha chaka chathunthu. Ikani ntchito yolemera Loweruka ndi pa tchuthi cha pakati pa zigawo. Mwana akadwala kapena kukagwa maliro, kaneneni kusukulu msanga, ndi pepala la kuchipatala ngati lilipo, kuti falta ilembedwe kuti inali ndi chifukwa. Za mtsikana, amene ukwati kapena mimba zingamujombetse kusukulu, ndinene mosabisa: lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la unduna la mu 2003 limene linkakankhira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku linathetsedwa mu 2018. Mtsikana wotero malo ake a masana ndi ake ndithu.

Chachinayi, konzani mapepala mwana asanafike kalasi ya mayeso. Pamalire pano pali ana obadwira ku chipatala cha ku Dedza, ena anayambira sukulu kwa agogo awo ku Malawi, ena dzina linalembedwa m'kalembedwe ka Chichewa pa pepala lina ndi ka Chipwitikizi pa lina. Yalani pamphasa cédula ya kubadwa, Bilhete de Identidade (BI) ndi satifiketi ya pulayimale, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Zikasiyana, ofesi ya Registo Civil ku Ulongwe ndiyo yokonza, ndipo sikonza tsiku limodzi. Amene akuganiza zowolotsa mwana kuti akaphunzire Chingerezi ku Malawi akumbukire kuti kumeneko chaka chimayamba mu Seputembala, choncho mwana amataya miyezi, ndipo akadzabwera ndi MSCE, satifiketi ya sekondale ya ku Malawi, adzafunika equivalência, chikalata choivomereza chochokera ku bungwe la mayeso la INECE, asanalembetse maphunziro apamwamba kuno. Njirayi ilipo, koma isankhidwe ndi maso otsegula.

Chachisanu, mwana akamasankha pakati pa nthambi za maphunziro za letras ndi ciências, kope la manota lija liyankhule. Mipata ili pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku Ulongwe komweku kuli Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze komanso sukulu yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas, mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete ndi nthambi ya UniPúnguè, ndipo ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli sukulu ya ukachenjede wa zaumisiri. Za ulimi zimafuna Biologia ndi Química, zaumisiri zimafuna Masamu ndi Física, kotero mwana amene wakhala pa 8 m'Masamu zaka zitatu asakakamizidwe uinjiniya chifukwa chakuti amalume ake amaufuna. Ambiri amati bolsa ndi za ana a mabwana. Kukondera kumadandaulidwa ndithu, ndipo sindingalumbire kuti kulibe. Koma mwana amene sanapereke mapepala, kapena wapereka tsiku litadutsa, wadzichotsa yekha pa mpikisano asanakumane ndi wokondera aliyense. Instituto de Bolsas de Estudo ndi masukulu onsewa amalengeza mipata kudzera mu edital, chikalata chotchula zofunika ndi tsiku lotsekera, ndipo kulembetsa kwambiri tsopano kumachitika pa intaneti.

Choncho m'chigawo chachitatu cha kalasi 12 musadikire zotsatira za mayeso a boma. Mayeso olowera ku yunivesite amalembetsedwa chaka chisanathe. Mwana azifunsa za ma edital ku secretaria ya sukulu ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma la Angónia, SDEJT, kamodzi pa sabata, akhale ndi nambala ya msonkho ya NUIT, zithunzi zing'onozing'ono ndi makope a BI otsimikizidwa, ndipo inu mupatule pa ndalama ya mbatatesi yolipirira kulembetsa ndi ya ulendo wa kokalemba mayeso. Ngati akukwanitsa zaka 18, akachite recenseamento militar, kalembera wa za usilikali, pakati pa Januwale ndi Febuluwale, asunge pepala lake bwino, chifukwa amalifunsa pa matrikula ya maphunziro apamwamba.