NKHANZA ZA M'BANJA: ANKHOSWE AKALEPHERA TIPITE KUTI?

Kuno kwa Kasisi mayi akamenyedwa ndi mwamuna wake timamutumiza kwa ankhoswe. Ankhoswe amati, "Banja ndi kupirira." Mayi uja amabwerera kunyumba, mawa lake n'kumenyedwanso. Tivomereze kuti nafenso atsogoleri a mpingo tawanenapo mau amenewa.

Koma kuyambira 2006 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Lamuloli silinabwere lokha. Amayi odziwa malamulo a bungwe la WLSA, motsogozedwa ndi Mayi Seodi White, analimenyera nkhondo kwa zaka zingapo mpaka aphungu analivomereza.

Malinga ndi lamuloli, nkhanza si kumenya kokha ai. Kuopseza, kukakamiza kugonana, ndi kumana mkazi ndi ana ndalama zofunika pakhomo, zonsezi ndi nkhanza. Wozunzidwa angathe kupita ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena kubwalo la majisitireti ku Chikwawa boma. Bwalo lingathe kulamula wozunzayo kuti aleke, mwinanso kuti achoke pakhomopo. Akaphwanya chilamulocho, wapalamula mlandu. Bambo wozunzidwa nayenso amatetezedwa chimodzimodzi.

Kambiranani mu mphakati: Mnzathu akaopa kupita yekha ku boma, amuperekeze ndani?