Chalowa N'chiti, Chatuluka N'chiti? Aneni a Kusintha m'Chingerezi

M'Chichewa mneni "sintha" amasenza katundu wambiri. Timasintha zovala, timasintha ndalama, timasinthanso tayala la njinga. Anthu awiri akapatsana zinthu timagwiritsa ntchito msintho wochitirana n'kunena kuti asinthana, kapena kuti asinthanitsa chimanga ndi usipa. Chingerezi chilibe misintho yotereyi. Chimagawa ntchitoyi kwa aneni angapo, ndipo wophunzira amene amawamasulira onsewo kuti "sintha" sachedwa kusokera. Nkhani ino iunika aneni anayi, omwe ndi "replace", "substitute", "exchange" ndi "swap", pofunsa funso limodzi pa chiganizo chilichonse: chalowa n'chiti, nanga chatuluka n'chiti?

Mneni "replace" savuta. Pamtherankhani wake ndiye chinthu chotuluka. M'chiganizo chakuti "Lilongwe replaced Zomba as the capital in 1975", Zomba ndiye watuluka, Lilongwe walowa. N'chimodzimodzinso ndi "The kwacha replaced the pound in 1971". Wochita ntchito yosinthayo akatchulidwa, cholowacho chimadza pambuyo pa mperekezi "with", monga mu "The mechanic replaced the old battery with a new one". Mneniyu ali ndi tanthauzo linanso limene ambiri timaliiwala, la kubwezera chinthu pamalo pake. Chikwangwani cha m'laibulale chonena kuti "Do not replace books on the shelves" sichikukamba za kusintha mabuku ayi. Chikuletsa owerenga kubwezera okha mabuku m'mashelefu.

Pamene pagona nkhani ndi pa "substitute". Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kuika chinthu m'malo mwa china, ndipo kachitidwe kake kakale ndi kotembenuza ka "replace". Pamtherankhani ndiye cholowa, pamene chotuluka chimatsatira mperekezi "for". Buku la zophikaphika likati "Substitute margarine for butter", ndiye kuti majarini alowe mu mphika, batala akhale. Mphunzitsi wa masamu akati "Substitute 3 for x", nambalayo ikhale pamene panali lembalo.

Ineyo ndinalaphunzira izi mowawa m'chaka choyamba. Funso la mayeso linati "Substitute pronouns for nouns". Ndinamva ngati akufuna ndichotse alowam'malo n'kuikapo maina, ndipo ndinayankha gawo lonselo chagada. Sindinali ndekha.

Tsono n'chifukwa chiyani timasokonezeka chonchi? Ndikuona kuti chifukwa chachikulu chili mwa aneni anzake. Taonani ziganizo izi:

1. She exchanged dollars for kwacha.
2. He swapped his radio for a bicycle.
3. The cook substituted honey for sugar.

Mu (1) ndi (2), chotsatira "for" ndi chimene munthuyo walandira: makwacha ndi njinga. Mu (3), chotsatira "for" ndi chimene chasiyidwa: shuga. Mperekezi ndi yemweyo, kaimidwe ka chiganizo n'kamodzi, koma njira yake ndi yotembenuka. Khutu lozolowera (1) ndi (2) limamva (3) ngati kuti wophikayo wasiya uchi n'kuthira shuga.

Tisaganize kuti vutoli ndi la ife ophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri tokha. Eni ake nawonso analowa m'chisokonezo chomwechi. Ambiri amanena kuti "substitute butter with margarine", potengera kachitidwe ka "replace", ngakhale kuti olemba mabuku a malamulo a chiyankhulo akhala akudana nazo. Katswiri wa mbiri ya Chingerezi, David Denison wa ku yunivesite ya Manchester, anaonetsa m'kafukufuku wake wa mu 2009 kuti anthu ena ku Britain amafika ponena "substitute" ndi "for" koma atatembenuza malo a chatsopano ndi chakale. Mpira wamiyendo ulinso ndi mbali yake. Ligi ya ku England inayamba kulola kusintha osewera mu 1965, ndipo woyamba kulowa motero anali Keith Peacock wa timu ya Charlton Athletic. Muulutsi akati "The striker has been substituted", aliyense amadziwa kuti wosewerayo watuluka. Komabe amene walowayo ndiye amatchedwa "substitute". Mawu amodzi akuloza wotuluka akakhala mneni, wolowa akakhala dzina.

Pa bwalo la mpira palibe chodandaulitsa, popeza maso akuona amene akuchoka. Koma taganizirani namwino amene walandira kalata yomuuza kuti achite "substitute" mankhwala ena "for" ena. Akatembenuza, wodwala apitiriza kumwa amene dokotala amafuna aleke. Maganizo anga ndi akuti pa nkhani zotere wolemba asankhe "replace ... with", pakuti salola matanthauzo awiri.

Palinso kusiyana kwina kosaonekera msanga. Nthawi zambiri "substitute" amapereka chithunzi cha chinthu chongogwirizira, mwina chosafika pa chenichenicho, pamene "replace" amaonetsa kuti chakalecho chapita ndithu. Mphunzitsi wogwirizira kalasi kwa mlungu umodzi wachita "substitute for" mnzake wodwalayo. Amene watumizidwa chifukwa mnzake wapuma pantchito wamuchita "replace".

Za "exchange" ndi "swap" sitichulutsa, chifukwa Chichewa chimatithandiza kale: onsewa ndi "sinthana". Mbali zonse ziwiri zimapereka ndi kulandira, n'chifukwa chake akhoza kukhala ndi mwininkhani wochuluka popanda "for", monga mu "The captains exchanged flags". Kusiyana kwawo n'kwa malo oyankhulira. "Swap" ndi wa pocheza, wa ana osinthana mipando m'kalasi. "Exchange" ndi wa ku banki ndi m'makalata a ntchito, ndipo ndi yekhayo amene amayenda bwino ndi malonje ndi malumbiro a ukwati.